Mbalame yoleredwa pamanja kapena yoleredwa ndi makolo ake: ndigule iti?

Mayi wina wa ku Cosmo City mu Johannesburg muno, amene amagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg, wandilembera motere: "Ana anga akundivutitsa kuti ndiwagulire mbalame. Ndapeza bambo wina woweta ma cockatiel. Ali ndi kamwana ka masabata 4 kamene akukadyetsa pamanja, kofatsa kwabasi, ndipo akuti ndikatenge panopa ndizikadyetsa ndekha kuti kandizolowere. Alinso ndi ina yokulirapo, yoleredwa ndi makolo ake, yotsika mtengo, koma ukaiyandikizira dzanja imathawira pakona. Chikundikayikitsa n'chakuti kuntchito kwathu kuli chinkhwe chotuwa chija cha mchira wofiira, chimene madamu anachilera pamanja chili chaching'ono. Pano chili ndi zaka 6. Chimaluma abwana aamuna, chimakuwa madamu akangotuluka, ndipo chinadzizula nthenga pachifuwa. Kodi n'kulera pamanjako kunachititsa? Nanga ine ndigule iti?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi chofulumira: kamwana ka masabata 4 kaja musakatenge. Ngati mtima wanu wagwera pa kameneko, siyani dipoziti, kakhale komweko mpaka katayamba kuswa mbewu kokha. Zifukwa ndizifotokoza, koma tidzere kaye kumudzi, pakuti nkhaniyi mukuidziwa kale, kungoti simunaiganizire pa zinkhwe, poti cockatiel nayonso ndi kachinkhwe kakang'ono ka ku Australia, ka nthenga zoima pamutu.

Ambirife tinakula tikuona agogo akutola mazira a nkhanga kapena a bakha n'kuikira thadzi kuti lifungatire. Akaswa, anawo amalondola thadzi lija pabwalo ponse. Likaitana amathamanga, kabawi akadutsa amabisala m'mapiko mwake. Koma tsiku limene ana a bakha aja aona chithaphwi amalowamo osafunsa, thadzi n'kutsala kumtunda likungozungulira. Kusambira bakha amabadwa nako. Kudziwa kuti mayi wake ndani ndiponso a mtundu wake ndi ati, ayi, kumeneko amachita kuphunzira, ndipo amaphunzirira pa chimene wachiona masiku oyambirira. Konrad Lorenz wa ku Austria analemba za zimenezi mu 1935. Iyeyo ana a atsekwe ankamulondola ngati mayi wawo, ndipo mu 1973 analandira mphoto ya Nobel pa ntchito yake yofufuza khalidwe la nyama. Agogo athu sanalandire kanthu, koma ankaziona zomwezo pakhomo chaka ndi chaka.

Chinkhwe chimasiyana ndi nkhuku pa chinthu chimodzi chachikulu. Mwanapiye amaswa maso ali otsegula, mawa lake akujompha yekha. Mwana wa chinkhwe amaswa ngati maunda a nkhunda, maso otseka, thupi pafupifupi lopanda nthenga, mutu akulephera kuudzutsa bwinobwino. Mazira a cockatiel amaswa pakatha masiku 18 mpaka 21, mwana amatuluka m'chisa ali ndi masabata 4 kapena 5, koma makolo amamudyetsabe mpaka cha m'masabata 8, ena mpaka 10. Chinkhwe chotuwacho, chimene ogulitsa amati African grey, chimakhala m'mphako pafupifupi masabata 12, ndipo chikatuluka chimayendabe ndi makolo kwa miyezi. Nthawi yonseyi sikudya kokha. Ndi pamene mwana amaona mmene amaswera mbewu, mmene amakonzera nthenga popanda kuzidula, chimene n'choopsa ndi chimene n'chongodutsa. Akaluma m'bale wake mopyola, m'baleyo amabwezera, ndiye amadziwa pamene mlomo uyenera kulekezera. Amaphunziranso kulira kwa gulu lake, ndi nkhope ya mbalame imene adzaifunsire akadzakula. Amene munafikako ku Liwonde National Park mwina munaona tizinkhwe tobiriwira ta nkhope yofiirira timene timagona m'mphako za mitengo ya tsanya. Simungapeze kamodzi kali kokha, nthawi zonse timauluka m'gulu tikulongolola. Ma cockatiel kwawo ku Australia ndi chimodzimodzi.

Tsono woweta akachotsa mwana m'chisa ali ndi masabata 2 kapena 3, kapena akaswetsa dzira pamakina, sukulu yonse ija yatsekedwa. Mwana amaikidwa m'bokosi lofunda n'kumadyetsedwa phala lake la m'paketi pasupuni kapena pasirinji. Amachitiranji zimenezi? Choyamba, mbalame yofatsa imagulidwa msanga ndiponso pa mtengo wabwino. Chachiwiri, makolo akalandidwa ana sachedwa kuikiranso, ndiye m'chaka chimodzi woweta amapeza ana ambiri. Ndi bizinesi, ndipo sindikunyoza. Palinso ana ena amene popanda dzanja la munthu akanafa: amene makolo awakana, amene akuzulidwa nthenga ndi makolo awo omwe, kapena wotsiriza kuswa amene azikulu ake akumupondereza. Ineyo oterowo ndawalera ambiri ndipo ndidzawaleranso. Chimene ndimatsutsa ndi kuchotsa mwana kwa makolo amene akulera bwinobwino.

Kamwana kaja kakukwerani pachala n'kumalira mokoma, inu mukuti kamandikonda. Kali ndi njala, mayi, ndipo m'moyo wake wonse chakudya chachokera ku dzanja. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyererezo zimatuluka mbalame ikatha msinkhu. Cockatiel imafika pamenepo isanakwanitse n'komwe chaka kapena itangokwanitsa, pamene chinkhwe chotuwa chimafika cha m'zaka 3 mpaka 5. Mbalame imene inakula osaona inzake imasankha munthu mmodzi m'nyumbamo kukhala mwamuna kapena mkazi wake. Imamubzikulira chakudya, imagwetsa mapiko pamaso pake, imafunafuna pakona pamdima poti pakhale chisa. Aliyense woyandikira munthuyo ndi mdani wolanda banja. Mwazindikira tsopano chimene abwana anu aamuna analakwa? Anakwatira madamu, basi.

Pali chinanso chimene anthu sachiganizira. Mbalame yoleredwa ndi makolo imakhala ndi kamantha pang'ono pa munthu, ndiye ikakwiya imasuntha kapena kuuluka. Yoleredwa pamanja ilibe mantha amenewo ngakhale pang'ono. Dzanja imalidziwa, nkhope imaidziwa, ndiye ikakwiya imapita kutsogolo. N'chifukwa chake mabala oopsa a pamlomo ndi pakhutu amene ndaonapo, ambiri anachokera ku mbalame "zofatsa".

Izi si zongoona ine ndekha. Mu 2006 ofufuza a pa yunivesite ya Bern ku Switzerland anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa zinkhwe zotuwa 103 za m'makomo a anthu. Anapeza kuti zoleredwa pamanja zinali zaukali kwambiri ndiponso zosankha anthu kuposa zoleredwa ndi makolo. Zimene zinachotsedwa m'chisa zisanakwanitse masabata 5 ndizo zinkakonda kubwerezabwereza kachitidwe kamodzimodzi kopanda tanthauzo, monga kuyenda njira imodzi m'khola tsiku lonse. Zodyetsedwa pa chubu cholowetsa kukhosi, njira yachangu ya oweta zambiri, zinali zaukali kuposa za pasupuni kapena pasirinji. Za ma cockatiel enieniwo anafufuza a pa yunivesite ya California ku Davis mu 1988, ndipo anaona kuti amuna oleredwa pamanja ankavutika kubereka, mazira ambiri a akazi awo ankakhala opanda mwana. Dziko la Netherlands linafika poletsa mu 2014 kuchotsa ana a zinkhwe kwa makolo awo nthawi isanakwane.

Onaninso zimene amachita anthu osamalira mbalame za kutchire kuno komwe. Nang'omba, ija yakuda ya kukhosi kofiira imene imalira m'bandakucha ngati ng'oma, imaikira mazira awiri koma imalera mwana mmodzi, wachiwiriyo amafa ndi njala. A Mabula Ground Hornbill Project ku Limpopo amatola wachiwiriyo n'kumulera. Koma samutulutsa yekha kutchire. Amamuphatikiza ndi anang'omba akuluakulu odziwa tchire kuti amuphunzitse kusaka, kupha njoka ndi kugona pamwamba. Anthu amene ntchito yawo yonse ndi kulera mbalame amadziwa kuti chakudya angapereke, koma mwambo wa mbalame sangauphunzitse.

Ndisakunamizeni, si mbalame iliyonse yoleredwa pamanja imene imasanduka vuto. Kaleredwe kake kamasiyana kwambiri. Ina imaleredwa limodzi ndi abale ake m'bokosi limodzi, ikumva ndi kuona mbalame zazikulu, imasiyitsidwa phala pang'onopang'ono pa nthawi yake, ndipo imaloledwa kuphunzira kuuluka. Yoteroyo kawirikawiri imakula bwino. Ina imakulira yokhayokha m'kabokosi, dzanja limabwera kudzapopa phala n'kuchoka, mapiko amadulidwa isanaulukepo, phala amaisiyitsa mokakamiza kuti igulitsidwe msanga. Imeneyi ndi imene imapempha chakudya ngati khanda ili ndi chaka, imachita mantha ndi chilichonse chachilendo, ndipo imakuwa mwini wake akangolowa kubafa. Mtundu wa mbalame nawonso uli ndi mbali yake. Cockatiel ndi yopepukirapo, mavuto ake sakula ngati a chinkhwe chotuwa kapena chinkhwe china chachikulu chotchedwa cockatoo.

Tibwerere ku mawu a wogulitsa aja, oti muzikadyetsa nokha kuti kakuzolowereni. Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri ndipo si oona. Kutchire mwana amadyetsedwa ndi makolo, koma akakula amawasiya n'kukakondana ndi mbalame imene sinamudyetsepo n'kamodzi komwe. Chimene chikuchitika apa n'chakuti masabata ovuta ndi oopsa kwambiri akuwasamutsira kwa inu, ndipo kakafera m'manja mwanu ndalama sizibwerera.

Kudyetsa pamanja kumaoneka kophweka mukamaonerera wina. Phala liyenera kukhala lofunda pafupifupi madigiri 40, loyezedwa ndi thermometer, osati ndi chala. Likatentha kwambiri, makamaka lotenthetsedwa mu microwave mmene mbali ina imapsa ina ili yozizira, limawotcha chithokomiro, ndipo pakapita masiku khungu limabooka phala n'kumatulukira pachifuwa. Likazizira, chithokomiro chimaima osagaya, chakudya chimasasa m'katimo. Mukapopa sirinji mwana asanayambe kugwedeza mutu momeza, phala limalowa m'mapapo, ndipo amatha kufa muli chimugwirire. Pamafunikanso sikelo ya magalamu kuti m'mawa uliwonse mudziwe ngati akukwera kapena akutsika. Kamwana ka masabata 4 kamafuna kudya katatu kapena kanayi pa tsiku. Inu mumakwera taxi kusanache ndipo mumabwerera dzuwa litalowa. Masana adzadyetsa ndani, ana asukulu?

Musaiwalenso kuzizira kwa kuno. Johannesburg ali pamtunda wopitirira mamita 1,700, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi madzi amatha kuundana panja. Ine chaka changa chachiwiri choweta ndinataya ana awiri usiku umodzi. Magetsi anazima ndili mtulo, bokosi linazizira, ndipo ngakhale ndinawafunditsa m'mawa, chithokomiro cha aliyense chinali chitaima kale. Akanakhala pansi pa mayi wawo sakanadziwa n'komwe kuti magetsi anazima. Ndipo musayese kuwafunditsa ndi mbaula kapena hita ya parafini m'chipinda chotseka, chifukwa utsi umene inu simuumva n'komwe mbalame umaipha.

Nanga mugule iti? Pali njira yachitatu imene ndimaikonda kuposa zonse. Ana amasiyidwa m'chisa kuti makolo azidyetsa, koma woweta amawatulutsa tsiku lililonse kwa mphindi zochepa, kuwagwira, kuwayankhula, n'kuwabwezera. Ku Davis komwe kuja anaziyesa pa zinkhwe za mtundu wa Amazon cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anawo anakula ozolowera anthu chonsecho analeredwa ndi makolo awo. Mbalame yotere imadziwa kuti ndi mbalame, koma dzanja siliopa. Afunseni bambowo ngati amachita zimenezi, kapena ngati angakuchitireni pa ana otsatira.

Ngati sangathe, pa ziwiri zimene mwaonazo ine ndingatenge yoleredwa ndi makoloyo, malinga ikhale yaing'ono. Funsani tsiku limene inaswa. Ya miyezi 3 kapena 4 imazolowera m'masabata ochepa, koma ya zaka ziwiri imene yakhala m'khola lalikulu la panja ndi ntchito ina. Muone ndi maso anu ikuswa mbewu ndi kumwa madzi. Nthenga zikhale zosalala, mphuno youma, kumbuyo kopanda zitosi zomatirira. Ndipo popeza nyumba yanu imakhala yopanda munthu tsiku lonse, ganizirani zotenga ziwiri. Anthu amaopa kuti zikakhala ziwiri sizilabadira munthu. N'zoona kuti kuzolowera kumachedwerapo, koma yokhala yokha m'nyumba yotseka kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi imene imadzayamba kukuwa, ndipo aneba a mpanda umodzi sadzakuyamikani.

Kuzoloweretsa sikufuna nzeru zambiri, kumafuna kuleza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku oyamba ingoikani khola pamalo pamene mumakhala, kumbuyo kwake kukhale khoma, muziiyankhula koma osalowetsa dzanja kupatula posintha chakudya ndi madzi. Kenako gulani ngala za timbewu tonga mawere zimene amagulitsa m'mashopu a ziweto. Muzigwira ngala kunja kwa waya mpaka iyambe kubwera yokha. Ikazolowera, lowetsani ngalayo m'kati, ndipo tsiku ndi tsiku muzigwira chapafupi ndi kumutu kwake mpaka mbalame ifunike kuponda chala chanu kuti idye. Mphindi 10 m'mawa, 10 madzulo, n'zokwanira. Ikatsamira kumbuyo, nthenga za pamutu zitagona, mlomo uli yasa, ikukuuzani kuti imani pomwepo, ndipo muime. Vuto lalikulu adzakhala ana anuwo, chifukwa adzafuna kuigwira tsiku loyamba lomwelo. Auzeni kuti kuithamangitsa m'khola kamodzi kokha kumafafaniza ntchito ya sabata yathunthu.

Ndipatuke pang'ono, poti ambirife Disembala akafika timaganiza zonyamula zinthu kupita nazo kumudzi. Mbalame sikwera basi ngati katundu. Pamafunika zikalata za madokotala a ziweto, ndipo chinkhwe chotuwa chili ndi malamulo okhwima kwambiri kuchokera mu 2016, pamene mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama za kutchire, anakumana ku Sandton konkuno n'kuletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Wina akakutsatsani chotchipa chopanda mphete kumwendo ndi chopanda pepala lililonse, chisiyeni.

Tsopano chinkhwe cha kuntchito kwanu. Kuluma abwana ndi kukuwa madamu akatuluka zikufanana kwambiri ndi zimene ndafotokoza. Koma za nthenga ndisafulumire kuloza chala kaleredwe. Mu kafukufuku wa ku Bern uja, zimene zinkadzizula nthenga kwambiri zinali zogwidwa kutchire. Kuzula nthenga kuli ndi magwero ambiri: matenda a khungu kapena a m'kati, chakudya cha mpendadzuwa wokhawokha, mpweya wouma wa nyengo yozizira ya kuno, kusagona mokwanira, kusowa chochita. Choyamba ndi dokotala wodziwa mbalame, osati aliyense wa agalu ndi amphaka. Alipo mu Johannesburg muno, komanso ku Onderstepoort kumpoto kwa Pretoria, kumene kuli sukulu ya madokotala a ziweto.

Ndikudziwa kuti si chapafupi wantchito kulangiza madamu za chiweto chawo, ndiye musankhe tsiku limene ali okondwa. Zofunika kusintha ndi izi. Azichisisita pamutu ndi pakhosi pokha, chifukwa kusisita kumsana ndi kunsi kwa mapiko, kwa mbalame ndi chibwenzi. Chisamakhale paphewa pawo, pafupi ndi nkhope. Chizigona maola 10 mpaka 12 pamdima ndi pachete, osati pabalaza pamene TV ikulira mpaka pakati pa usiku. Chakudya chimene chimachikonda kwambiri, kaya ndi mtedza wa amondi kaya mphesa, chizichokera kwa abwana aamuna okha, poyamba angoponya m'mbale akudutsa osayang'ana n'komwe. Peyala asachipatse ngakhale kachidutswa, ndi poizoni kwa zinkhwe.

Gawo lalikulu lili ndi inu, pakuti ndinu amene mumakhala nacho masana onse. Chikakuwa musathamangireko ndipo musachikalipire, chifukwa kwa icho kukalipa kwanu ndi yankho, ndipo mawa chidzakuwa mokweza. Dikirani chikhale chete kapena chiimbe kamluzu, pomwepo muyankhe ndi mluzu wanu muli kukhitchini komweko. Kutchire zimaitanizana choncho kuti zidziwe kuti gulu lilipo. Chakudya china muzichikulunga m'pepala kapena kuchibisa m'kabokosi ka katoni kuti chivutikire, mlomo upeze ntchito ina osati nthenga. Muzichiwaza madzi ofunda pang'ono m'mawa dzuwa likatuluka, kawiri kapena katatu pa sabata. Zinkhwe zotuwa zimatha kukhala zaka 40 ngakhale kupitirira, ndiye cha zaka 6 chikadali chaching'ono ndipo chikhoza kuphunzira. Nthenga za pachifuwa zimameranso ngati mizu yake sinawonongeke, koma musaziyembekezere mwezi uno. Chizindikiro choyamba chidzakhala tinthenga tatsopano tonga minga, ndipo sabata imeneyo ndi yofunika kuchulukitsa makatoni, chifukwa timayabwa ndipo chidzafuna kutizula.